Ulendo wa ku Cambridge ndi nkhani ya minibasi yosadzaza

Tinalipo anthu khumi ndi anayi, tonse Amalawi okhala ku Mangalande amene timadyera pa makompyuta: ena olemba mapulogalamu, ena okonza, awiri akadali pa yunivesite. Tinanyamuka ku Leicester Loweruka m'mawa pa minibasi ya hayala, titachedwa ndi theka la ola chifukwa amayi athu osunga chuma anaiwala chidebe cha mandasi, ndipo ananenetsa kuti galimoto siyenda mandasi atatsala. Tinkapita ku Centre for Computing History, nyumba yosungiramo makompyuta akale mumzinda wa Cambridge.

Chimene chinatiimitsa nthawi yaitali ndi Megaprocessor, purosesa (ubongo wa kompyuta) imene James Newman anaimanga ndi manja kuchokera ku matransista (timaswichi tamagetsi) opitirira 40,000. Ndi chimphona chotalika pafupifupi mamita 10 mopingasa, chodzaza timagetsi. Memory yake, momwe imasungira manambala, ndi mabayiti 256 okha (bayiti imodzi ndi mabiti asanu ndi atatu, biti ndi 0 kapena 1), koma biti iliyonse ili ndi kagetsi kake, moti makinawo akalemba nambala umaiona ndi maso ikuyaka pamalo pake. Ine zaka zonsezi ndimalemba x = 5 osaganizako kuti 5 ameneyu amayenda ulendo.

Pomwepo achimwene ena a m'gulu lathu, amene amalemba mapulogalamu a timakina ta m'mafakitale, anatifunsa kuti purosesa yamakono imatani pamene nambala ili pa ulendowo. Tinangoyang'anana. Iwo anati memory ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi purosesa, choncho kudikira kuti chilichonse cholembedwa chifike n'kutaya nthawi. N'chifukwa chake pali write buffer, kamzere kakang'ono komwe purosesa imasiyapo adiresi ya m'memory ndi nambala yoti ikalembedwe pamenepo, iyo n'kupitiriza ntchito zina. Zili ngati kusiya thumba la chimanga pamzere kuchigayo iwe n'kupita kumsika. Purosesa ya Intel 486 ya mu 1989 inali ndi malo anayi otere. Purosesa ya ARM, imene inabadwira ku Cambridge komweko kukampani ya Acorn m'manja mwa Sophie Wilson ndi Steve Furber mu 1985, inayamba yopanda cache, kamemory kothamanga kokhala pafupi ndi purosesa. ARM610 imene inalowa m'makompyuta a Apple Newton ndi Risc PC inali ndi cache ya 4 KB pamodzi ndi write buffer.

Mmodzi wa ophunzira aja anafunsa kuti, "Nanga achimwene, bwanji osangoikulitsa bufferyo basi?" Anayankhidwa kuti kukulitsa kumathandiza zolemba zikabwera mwa chigulu kenako n'kuduka. Koma ngati pulogalamu ikulemba mosalekeza mofulumira kuposa mmene memory ingalandirire, mzere udzadzabe, purosesa n'kuima. Komanso purosesa ikafuna kuwerenga adiresi, iyenera kuyamba yasuzumira m'bufferyo, kuopa kukatenga nambala yakale ku memory pamene yatsopano ikadali pamzere. Mzere ukatalika, kusuzumirako kumakulanso.

Zokoma zenizeni zinakambidwa pankhomaliro, titabwerera m'minibasi kuthawa kamvula. Achimwene aja anamenya mpando nati, "Write combining ndi iyi mwakhalamoyi." Pa mapurosesa ambiri a lero cache line imodzi, kachigawo ka memory koyendera pamodzi, ndi mabayiti 64. Zolemba zing'onozing'ono zolowera mu line imodzi zimasonkhanitsidwa, line ikadzaza imapita ku memory ulendo umodzi. Koma ukalemba mabayiti anayi apa, anayi uko, buffer imakakamizika kutulutsa ma line osadzaza, m'zidutswazidutswa. Ndi minibasi ya ku Limbe kunyamuka ndi anthu awiri, kubwerera, kunyamukanso ndi atatu. Mafuta apita, msewu wadzaza, anthu akadali padepoti. Intel inabweretsa mtundu wa memory wa write combining pa Pentium Pro, makamaka pofuna kufulumizitsa zolembera ku khadi la zithunzi.

Apa ndinasiya kutafuna. Kuntchito ndinali ndi pulogalamu yokopera zithunzi za kamera kupita ku memory ya sikirini, ndipo inkatsimphina popanda chifukwa chooneka. Ndinatsegula laputopu pamiyendo n'kuwaonetsa. Sanatenge mphindi ziwiri. Chala chawo chinaima pa loop yanga, gawo la pulogalamu lobwerezabwereza: ndinkalemba chithunzi kuchokera pamwamba kutsika, pomwe memory imayalidwa mzere ndi mzere mopingasa, ndiye kadontho kalikonse kankagwera mu line yakeyake. Choipa china, pakati pa loopyo ndinkawerenganso kadontho kamene ndangolemba kuti ndikasinthe mtundu. Memory ya sikiriniyi ndi ya write combining, sidutsa mu cache, choncho kuiwerenga kumachedwa zedi. "Achimwene, inu ndi kondakitala wothamangitsa galimoto yopanda anthu," anatero, galimoto yonse n'kufa ndi phwete. Manyazi ndinachita, koma ananena zoona.

Achemwali ena okonza madiraiva, mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta, anatsutsako pang'ono, ndipo ndikuona kuti anali ndi mfundo. Anati kusonkhanitsa si kwabwino paliponse. Ukamalembera ku register ya chipangizo, pamene chimalandirira malangizo, dongosolo la zolemba ndi lamulo. Buffer ikaphatikiza ziwiri kapena kuzisinthanitsa, chipangizo chimayamba ntchito deta isanafike. Pamenepo pamafunika chotchinga, lamulo loti zolemba zoyamba zitsogole zotsatira zisanadutse: sfence pa mapurosesa a x86 monga a Intel, kapena DMB ndi DSB pa ARM. Anawonjeza kuti woika chotchinga pambuyo pa cholemba chilichonse chifukwa cha mantha wapha phindu lonse la buffer. Awiriwo anakangana za kumene chotchinga chiyenera kukhala mpaka mvula inakata.

Masana tinalowanso, tinakhala m'kalasi ya makompyuta akale a BBC Micro, akuluakulu a ndevu zaimvi n'kumalemba mayina awo pa sikirini m'chilankhulo cha kompyuta cha BASIC ngati ana a Sitandade 3. Ine mtima unali pa loop yanga. Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo n'kuilembanso: kukonzera mzere wonse m'memory wamba, kuukopera ku sikirini kuyambira kumanzere mpaka kumanja osadumpha, sfence imodzi kumapeto kwa chithunzi. Batire inatha tisanafike ku Leicester, ndipo ndinakaiyesa Lolemba kuntchito. Kutsimphina kuja kunatha.