Tsamba, selo ndi miyala ya pansi pa nyanja: zimene ndatolapo pa biology

Mitu itatu imene ndakhala ndikuwerenga nyengo ino imaoneka ngati yosagwirizana m'buku. Wina ndi wa mmene zomera zimapangira chakudya, wina wa mmene selo limapezera mphamvu, wotsiriza wa chiyambi cha zamoyo. Uliwonse uli ndi zithunzi zake ndi mayina ake oti uloweze. Koma polemba manotsi ndinaona kuti pali chinthu chimodzi chimene chikungobwerabwera: kakhungu kopyapyala kwambiri, ndi mapulotoni (osati mapuloteni, koma maatomu a haidrojeni amene ataya elekitironi yawo) amene akuwoloka kakhunguko. Kwa ine phunziro lonse lagona pamenepa, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni, anzanga, mmene ndalimvera.

Ndiyambe ndi mtengo. M'zaka za m'ma 1600, Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels anabzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mumphika wa dothi louma lolemera pafupifupi makilogalamu 90. Kwa zaka 5 ankangothirira madzi basi. Atayezanso, mtengo unali pafupifupi makilogalamu 77, pomwe dothi linali litachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anati ndiye kuti mtengo wonsewo ndi madzi. Anapeza mbali imodzi ya zoona, koma mbali yaikulu inali mumpweya. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni, ndipo kaboniyo imachokera ku mpweya wa carbon dioxide, umene umalowa pa timabowo ta m'masamba. Mpweya umenewu ndi 0.04 peresenti yokha ya mpweya wonse wotizungulira. Mpaka lero zimandidabwitsa kuti thunthu loti anthu awiri sangalikupatire limamangidwa ndi kanthu kochepa chonchi.

Joseph Priestley anaona mu 1771 kuti kanthambi ka chomera kamakonza mpweya umene kandulo waipitsa, ndipo mu 1779 Jan Ingenhousz anasonyeza kuti zimenezi zimachitika pokhapokha pali kuwala, komanso pa mbali zobiriwira zokha. Funso loti okosijeniyo amachokera kuti linadikira mpaka 1941, pamene Samuel Ruben ndi Martin Kamen anapatsa ndere madzi okhala ndi okosijeni wolemerako, wotha kumutsatira. Okosijeni wolemerayo anatulukira mumpweya umene nderezo zinkatulutsa. Ndiye kuti okosijeni amene tikupumayu ndi zotsalira za madzi amene tsamba lang'amba.

N'chifukwa chiyani tsamba limang'amba madzi? Limafuna maelekitironi. M'kati mwa chloroplast, kachigawo kobiriwira ka m'selo la tsamba kopangira chakudya, muli timatumba tophwatalala tosanjikizana, totchedwa thylakoid, ndipo m'khungu la timatumbati ndi mmene muli chlorophyll, utoto wobiriwira wokola kuwala. Kuwala kukagunda chlorophyll, elekitironi imalandira mphamvu n'kuchoka, ndipo malo ake amadzazidwa ndi ina yochokera m'madzi. Elekitironi yochokayo imapatsirana kuchokera pa puloteni ina kupita pa inzake, ndipo poyenda paja mapulotoni amakankhidwira m'kati mwa kathumba. Pulotoni ndi atomu ya haidrojeni imene yataya elekitironi yake. Motero m'kati mumadzaza mapulotoni, kunja n'kukhala ochepa. Zili ngati damu: madzi aunjikana mbali imodzi, khomo lotulukira ndi limodzi, ndipo pakhomopo pali gudumu lozungulira. Gudumu la m'selo ndi puloteni yotchedwa ATP synthase. Mapulotoni akamadutsamo imazungulira, ndipo ikazungulira kamodzi imapanga mamolekyu atatu a ATP, amene selo limagwiritsa ntchito pa chilichonse chofuna mphamvu.

Gawo lachiwiri, lopanga shuga, ndingolidutsa mwachidule. Melvin Calvin, Andrew Benson ndi James Bassham analiunika pogwiritsa ntchito ndere zotchedwa Chlorella ndi kaboni-14, mtundu wa kaboni wotha kumutsatira, ndipo Calvin analandira mphoto ya Nobel mu 1961. Chimene chinandikhala m'mutu ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) yogwira carbon dioxide, rubisco. Ndi yochedwa, imagwira mamolekyu ochepa chabe pa sekondi, ndipo nthawi zina imagwira okosijeni m'malo mwa carbon dioxide. N'chifukwa chake tsamba limaipanga yambiri zedi, moti ili m'gulu la mapuloteni ochuluka kwambiri padziko lonse.

Tsopano tipite ku mitochondria, tizigawo ta m'selo mmene kuphwanya shuga kumamalizikira. Apa ndi pamene maso anga anatseguka, chifukwa chithunzi chake ndi chomwe chija. Maelekitironi, ulendo uno ochokera m'chakudya, amayenda pa mndandanda wa mapuloteni, mapulotoni amakankhidwira tsidya lina la kakhungu, kenako amabwerera kudzera mu ATP synthase. Kumapeto okosijeni amalandira maelekitironiwo n'kukhalanso madzi. Tsamba limatenga maelekitironi m'madzi, mitochondria amawabwezera. Ndipo tisaiwale kuti zomera nazo zili ndi mitochondria, zimapuma usana ndi usiku, mizu yomwe. Munthu amapanga ndi kugwiritsa ntchito ATP yolemera pafupifupi ngati thupi lake lomwe tsiku lililonse, ngakhale kuti pa nthawi imodzi amakhala ndi yochepa kwambiri, chifukwa molekyu imodzimodziyo imakonzedwanso mobwerezabwereza.

Amene anabwera ndi ganizo la damu la mapulotonili ndi Peter Mitchell wa ku Britain, mu 1961. Akatswiri ambiri a nthawiyo anakana. Iwo ankafunafuna molekyu ina yapadera yonyamula mphamvu, ndipo zoti mphamvu ingasungidwe m'kusiyana chabe kwa mbali ziwiri za kakhungu sizinkawalowa. Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi wa André Jagendorf, wa mu 1966. Anatenga timatumba ta thylakoid n'kutinyika m'madzi a asidi, a pH 4 (pH ndi muyeso wa asidi: ikakhala yotsika, mapulotoni ndi ambiri), mpaka m'kati mwake munadzaza mapulotoni. Kenako anatisamutsira mwachangu m'madzi a pH 8, a mapulotoni ochepa, m'chipinda chamdima. Timatumbato tinapanga ATP popanda kuwala n'komwe. Zinaonekeratu kuti ntchito ya kuwala ndi kuunjika mapulotoni, ndipo munthu akawaunjika mwanjira ina makinawo amayendabe. Mitchell analandira mphoto ya Nobel mu 1978. Ndipo mu 1997 gulu la asayansi a ku Japan, lokhala ndi Masasuke Yoshida ndi Kazuhiko Kinosita, linamatira kaulusi ka puloteni pa mbali yozungulira ya ATP synthase n'kukaonera pa maikulosikopu. Kaulusiko kankazunguliradi, anthu akuona ndi maso.

Ndimadandaula kuti nthawi zambiri timangoloweza kuti madzi ndi carbon dioxide zimapereka shuga ndi okosijeni, n'kusiya nkhani ngati ya Jagendorf. Zoloweza zimathawa mayeso akatha, koma timatumba topanga ATP mumdima sindidzatiiwala.

Nanga zikutheka bwanji kuti chloroplast ndi mitochondria zizigwira ntchito mofanana chonchi? Yankho linakonzedwa bwino ndi Lynn Margulis mu 1967, m'nkhani imene magazini ambiri a sayansi anayamba aikana. Zonse ziwiri kale zinali mabakiteriya oima paokha, amene analowa m'selo lina n'kukhazikika momwemo. Zizindikiro zilipobe: zili ndi DNA yakeyake, zimachulukana pogawikana pakati, ndipo maribosomu ake, timakina topangira mapuloteni, amafanana ndi a mabakiteriya. Mitochondria a munthu akadali ndi majini 37. Chloroplast inachokera ku cyanobacteria, mabakiteriya omwewo amene anayamba kudzaza okosijeni mumlengalenga zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo.

Dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo miyala yosanjikizana yotchedwa stromatolite ya ku Pilbara, kumadzulo kwa Australia, imasonyeza kuti tizamoyo tinalipo kale zaka pafupifupi 3.5 biliyoni zapitazo. Choncho kwa nthawi yaitali moyo unkayenda popanda okosijeni mumpweya. Pa za chiyambi chake, mabuku amakonda kuyamba ndi Stanley Miller, wophunzira wa Harold Urey ku Chicago, amene mu 1953 anafalitsa zotsatira za ntchito yake. Anatsekera methane, ammonia, haidrojeni ndi nthunzi m'mabotolo a galasi n'kumathethetsamo magetsi, ndipo patapita masiku m'madzimo munapezeka ma amino acid, tizidutswa tomangira mapuloteni, monga glycine ndi alanine. Mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Murchison, ku Australia, mu 1969 unapezekanso ndi ma amino acid. Zipangizo za moyo sizivuta kupangika. Koma ma amino acid osungunuka m'madzi si chamoyo. Chamoyo chimafuna mphamvu yoyenderera osaleka, ndipo apa mitu iwiri yoyamba ija imalowa.

Mu 2000 anapeza malo otchedwa Lost City pansi pa nyanja ya Atlantic. Pali zipilala zoyera za miyala, zina zotalika mamita 60, zodzaza timapanga ting'onoting'ono. Madzi ofunda otulukamo ali ndi haidrojeni wambiri ndipo pH yake ndi 9 mpaka 11, kutanthauza kuti mapulotoni ndi ochepa. Michael Russell anali atanena kale kuti akasupe oterewa ayenera kukhalako, ndipo anati nyanja yakale inali ya asidi kuposa ya lero chifukwa cha carbon dioxide wochuluka. Taganizani: mbali ina ya khoma lopyapyala la mwala kuli mapulotoni ambiri, mbali ina ochepa. Ndi zomwe zija Jagendorf anakonza mu labotale, koma kuno zikuchitika zokha, usana ndi usiku, kwa zaka zikwizikwi.

Si onse amene amavomereza zimenezi. John Sutherland ndi anzake anasonyeza mu 2009 njira yopangira zina mwa zigawo za RNA, molekyu yofanana ndi DNA, ndipo njirayo imafuna kuwala kwa ultraviolet, kumene sikufika pansi pa nyanja. Amene ali mbali imeneyi amati moyo unayambira m'maiwe a pamtunda, amene amauma n'kudzazanso, zinthu n'kumaunjikana. Mfundo yawo ndi yolemera, chifukwa RNA imatha kusunga malangizo komanso kugwira ntchito ngati enzyme, monga anapezera Thomas Cech ndi Sidney Altman.

Ine mtima wanga wapendekera ku akasupe a pansi pa nyanja, ndipo chandikoka ndi ichi. Zamoyo za selo limodzi zopanda nyukiliyasi zili m'magulu awiri akale kwambiri, mabakiteriya ndi archaea, amene Carl Woese anawasiyanitsa mu 1977. Mafuta amene magulu awiriwa amamangira khungu la selo ndi osiyana kotheratu, koma onse ali ndi ATP synthase yozungulira. Russell ndi William Martin anati izi zikumveka ngati kholo la magulu onse awiri linkagwiritsa kale ntchito mapulotoni likadali m'timapanga ta mwala, ndipo gulu lililonse linadzapanga khungu lakelake pambuyo pake, pochoka m'mwalamo.