Mmene ndinawetera mavayirasi aulesi

Tsiku langa loyamba mu labu, Aprofesa anandipatsa kabotolo ka vayirasi wa chimfine wotchedwa PR8, yemwe anapezeka ku Puerto Rico mu 1934. Anati ndimuchulukitse m'mazira a nkhuku a masiku 10, koma ndisanabaye dzira lililonse ndizimusukuluza kwambiri. Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuseka. Munthu ukufuna zambiri, nkuyamba kuthira madzi? Ndinaona kuti akuluwa akalamba.

Ndiye ndinkatunga madzi a m'dzira ali chomwecho, nkubaya dzira lina, kenako lina, mpaka kasanu. Pakabotolo komaliza ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MKANGO. Nditayesa ndi maselo ofiira a magazi a nkhuku, anamatirana bwinobwino, kusonyeza kuti tizilombo tilimo tambirimbiri. Mlungu wonse ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Tsoka linabwera pa maselo a impso ya galu, aja owetedwa m'mbale za mu labu otchedwa MDCK. Vayirasi wamoyo amapha maselo nkusiya timabowo toti uwerenge. Ine ndinadikira masiku atatu, mbale zili zii. Timabowo tiwiri tokha, tinanso tokayikitsa. Ndinanena makina otenthetsa. Ndinanena mnzanga wapabenchi kuti wandisinthira botolo, moti anasiya kundiyankha moni. Ndinafika ponyoza galu amene anafa kalekale ine ndisanabadwe.

Aprofesa atamva, anangofunsa kuti, “Mwasukuluza kangati?”

“Pang'ono, Aprofesa.”

“Pang'ono ndiye kangati?”

Ndinayang'ana nsapato zanga.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati zimene ndachita anazichita kale Preben von Magnus wa ku Denmark cha m'ma 1950, kusiyana kwake nkwakuti iye ankadziwa chomwe akufufuza. Kenako anatenga choko. Vayirasi wa chimfine ali ndi zidutswa 8 za RNA, momwe mwalembedwa malangizo opangira vayirasi wina. Pokopera, nthawi zina puloteni yokopera imadumpha pakati pa chidutswa, makamaka pa zitatu zazitali zija, PB2, PB1 ndi PA. Chidutswa cha zilembo zoposa 2,000 chimatsala ndi mazana ochepa, mutu ndi mchira basi. Koma zizindikiro zoti chikopedwe ndi kulongedzedwa zili kumutu ndi kumchira komweko, ndiye kachidutswa kopunduka kamalowa pamzere ngati kabwinobwino. Popeza nkakafupi, kamakopedwa msanga nkulanda malo a chenicheni.

Pakokha sikangabereke. Kamafunika kakumane m'selo limodzi ndi vayirasi wathunthu woti kamudyere masuku pamutu. Ukasukuluza, selo lililonse limalandira kachilombo kamodzi kapena osalandira n'komwe, ndipo alesiwo amathera pomwepo. Ine, mwa nzeru zanga zakuya, ndinkaonetsetsa kuti mlesi aliyense wapeza womugwirira ntchito, kasanu konse. Chikhoto chakunja anali nacho, nchifukwa chake magazi aja anandinamiza.

Titaunika RNA pa gel, yomwe imasiyanitsa zidutswa malinga ndi kutalika kwake, timizere ta tizidutswa tatifupi tija tinawala pansi ngati tikundinena.

Ndinanyamula MKANGO kuti ndikautaye, koma Aprofesa anandigwira mkono. Anati tizidutswa totere timadzutsa chitetezo cha selo, puloteni yolondera yotchedwa RIG-I nkuyambitsa interferon, yomwe imachenjeza maselo ena, ndipo pali asayansi amene akuyesa kutisandutsa mankhwala. Botololo analisunga mufiriji. Anangofufuta dzina lija nkulemba langa, ndipo wophunzira aliyense watsopano amayamba walionetsedwa asanapatsidwe dzira.