Zikomo nonse amene munaima nafe pa matenda a mayi athu

Tinawaika m'manda mayi athu Loweruka lapitali, ndiye ife ana awo tati tisakhale chete. Mayi ankadwala matenda oiwalaiwala aja a dementia, amene nthawi zambiri gwero lake ndi Alzheimer's. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono ndipo mankhwala ochiza palibe. Anayamba ndi kuiwala ndiwo pamoto, kenako mayina a adzukulu, mapeto ake ngakhale ineyo ankandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Tiyambe ndi inu mayi ogulitsa tomato ku Area 25. Tsiku lija mayi anatuluka mbandakucha asanavale bwino n'kukakhala pakhonde la eni, anthu anali atayamba kale kukuwa kuti mfiti yagwa. Inu munawafunditsa chitenje chanu n'kuima pakati mpaka tinafika. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, koma agogo ambiri m'dziko muno aphedwa ndi mawu omwewo. Mulungu akudalitseni.

Adokotala ndi anamwino a ku Kamuzu Central, zikomo chifukwa munkalankhula ndi mayi eniakewo. Ambiri akaona munthu wotere amangofunsa womudikirira, ngati wodwalayo palibe. Inu munkayamba mwawapatsa moni n'kufunsa, "Amayi, ndikuyezeni?" Akakana munkadikira kaye. Atayamba kuvutika kumeza, itabwera nkhani ya chubu chodyetsera cha m'mphuno, munatifunsa zimene iwo ankanena adakali bwinobwino. Ankanenetsa kuti asadzamangidwe manja pabedi la kuchipatala. Tinawatengera kunyumba n'kumawamwetsa phala ndi supuni; akatseka pakamwa tinkasiya, n'kudzayesanso nthawi ina. Sizinali zophweka, mtima unkawawa, koma thupilo linali lawo.

Abusa, ena atafunsa ngati munthu wosazindikira angalandirebe mgonero, munatikumbutsa Genesis 1:27, kuti chifaniziro cha Mulungu sichichoka chifukwa munthu waiwala dzina lake. Munabwera nawo mgonerowo mpaka kuchipinda kwawo. Amayi a Chigwirizano, munkawachapira, kuwasambitsa ndi kuwaimbira. Mayina athu anali atapita, koma nyimbo za m'buku ankatsatira mpaka ndime yomaliza.

Amene muli ndi kholo lomwe layamba kusochera kapena kubwerezabwereza funso limodzi, pitani nalo kuchipatala msanga, ndipo aneba muwauziretu. Mukafuna wocheza naye za zimenezi, pakhomo pathu mukupadziwa.

Mapoto ndi mipando imene munatibwereka pamaliro tiyamba kubweza Lolemba.