Zaka zitatu tikukonza makamera a filimu kuno ku Joni

Mwezi uno takwanitsa zaka 3 chiyambire kabizinesi kathu kokonza ndi kugulitsa makamera akale a filimu, ndiye ndati ndilembeko pang'ono. Tinayamba ndi Pentax K1000 imodzi ya malume anga amene ankajambula anthu ku Limbe kalekale, kamera yachitsulo ija yoti batire ikatha shutter (kachitseko kotseguka ukamajambula) imagwirabe, imangofa ndi mita yoyezera kuwala basi.

Ndiye mitayotu ndi imene inatsala pang'ono kutitsekera bizinesi. Mkati mwa kamera ngati K1000 mumakhala timaselo ta CdS toyeza kuwala kolowa pa lenzi, ukasuzumira umaona kasingano kumanja, ukamatembenuza aperture (kukula kwa kabowo kolowera kuwala) kapena shutter speed (liwiro la shutter) kamakwera kapena kutsika, kakaima pakati ndiye kuti zili bwino. Koma uyambe waiuza ASA ya filimu yako, nambala yosonyeza mmene filimuyo imamvera kuwala, apo ayi ikunamiza. Komanso mita ilibe nzeru, chilichonse imafuna chituluke chotuwa, diresi yoyera ya mkwatibwi imabwera ngati phulusa ukapanda kutsegulako aperture ndi stop (sitepe) imodzi kapena ziwiri.

Chaka choyamba ndinatenga ngongole kwa akatapila nkukagula ma Olympus OM-1 angapo kwa bambo wina wogulitsa, iye nkuti onse mita yake ndi yabwino ndayesa ndekha. Sanandiuze kuti makamera amenewa anapangidwira mabatire a mercury a 1.35V omwe analetsedwa kalekale, iye anangoponyamo a alkaline a 1.5V, singano nkumayenda ndithu koma ikunama, imanena kuti kuwala kwachuluka. Kasitomala wanga woyamba anakajambulira ukwati wa mchemwali wake, zithunzi zonse zinatuluka zakuda bii, ndinabweza ndalama ndikunjenjemera kwinaku akatapila aja akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Bambo munandigulitsa aja, ndikudziwa mumawerenga, panopa ndimayesa ndekha, zikomo. Tinaphunzira kugwiritsa ntchito mabatire a zinc-air a 1.4V aja a timakina tothandiza kumva, sachedwa kutha koma singano imanena zoona.

Ndithokoze mayi akunyumba amene analolera tebulo lodyera lisanduke shopu, tizomangira tating'ono mpaka kugwera mu ndiwo, malume chifukwa cha kamera ija, anyamata a ku tchalitchi amene amatilengezetsa pa WhatsApp, komanso kasitomala wa ukwati uja amene anabwereranso kudzagula ina, Mulungu akudalitseni achimwene, ine pamalo panu sindikanabwerera.

Panopa tili ndi ma K1000, OM-1 ndi Zenit E, koma Zenit mita yake ndi ya selenium, siifuna batire koma ikakalamba imafooka, ikakhala yofooka timakuuziranitu. Kamera iliyonse timaiyesa padzuwa aperture ili pa f/16 isanachoke. Ogula K1000 muzibwezeretsa kachivindikiro ka lenzi chifukwa ilibe switch yozimitsira mita, batire imangodyeka. Kumudzi timatumizanso pa basi, tilembereni ku inbox.