Loweruka m'mawa ku Woodhouse Moor

Ndiyambe ndi BP chifukwa ndi imene inanditulutsa m'nyumba. Chaka chatha nesi anandiyeza kawiri, mkono uwu kenako winawu, n'kundifunsa kuti kodi mumayenda? Ine ndinati eee ndimayenda kwambiri, shifiti ya maola 12 ku care home munthu sukhala pansi. Iye anati kumeneko n'kuimirira ndi kutopa, akunena kuyenda kwa ndawala, panja, koti mtima ugunde thukuta lituluke. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba chifukwa mayi anga BP yomweyi inawavutitsa zaka zambiri ndipo ndikudziwa kumene imathera.

Za jimu sindinaganizeko n'komwe, ndalama imeneyo mwezi ndi mwezi ndi fizi ya mwana wa achimwene kumudzi. Amene anandiuza za parkrun ndi achemwali ena a ku Zimbabwe amene timagwira limodzi ntchito, anati bwerani Loweruka 9 koloko ku Woodhouse Moor, kufupi ndi yunivesite ya Leeds, n'zaulere. Mawu akuti zaulere ndinawakayikira, kuno zaulere zambiri zimakhala zaulere mwezi woyamba wokha kenako direct debit yayamba kudya. Koma izi n'zaulere zenizeni, ndatha miyezi 9 tsopano sindinalipirepo ngakhale 1 paundi.

Kwa amene simunamvepo, parkrun ndi makilomita 5, Loweruka lililonse, m'mapaki osiyanasiyana. Kuno ku England ndi ku Wales amayamba 9 koloko, ku Scotland 9:30, inu a ku Joni malo ambiri ndi 8 koloko. Inayamba pa 2 October 2004 ku Bushy Park ku London ndi othamanga 13 okha, ndipo amene anayambitsa, a Paul Sinton-Hewitt, anabadwira ku Zimbabwe n'kukulira ku South Africa, achemwali aja amanyadira kwambiri nkhani imeneyi ngati ndi malume awo. Bambowa nthawi imeneyo anali atavulala sankatha kuthamanga, ndiye anangotenga wotchi n'kumawerengera anzawo nthawi kuti azikumanabe n'kumwa khofi limodzi akamaliza. Yathu ya ku Woodhouse Moor inayamba 2007. Ku South Africa anaipititsa ndi a Bruce Fordyce mu 2011, aja anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Comrades ka 9, ndipo yoyamba inali ku Delta Park ku Johannesburg.

Chofunika kuchita ndi chimodzi basi, kulembetsa pa webusaiti yawo, kamodzi kokha moyo wako wonse. Amakupatsa barcode yako yokhala ndi nambala yoyamba ndi A, ukhoza kuipulinta kapena kungoisunga mu foni. Barcode yomweyo imagwira paki iliyonse, kaya wapita ku Manchester kukaona abale kaya ku Cape Town, sufunika kubuka kapena kuuza munthu kuti ndikubwera, umangofika.

Tsiku loyamba ndinafika 8:40, kunja kukuzizira, nditavala jekete ya kuntchito ndi nsapato zakuda zomwe ndimagwirira shifiti. Nditaona anthu a makabudula ndi mawotchi a pamkono akudumphadumpha ndinaima kaye patali pansi pa mtengo, mumtima ndikuti awa si malo anga, nditembenuke ndikakwere basi. Amene anandiona ndi agogo ena aakazi a tsitsi loyera mbuu, atavala kavesiti kowala ka anthu ongodzipereka, anabwera okha n'kufunsa ngati ndi koyamba, ananditengera pa kagulu ka atsopano pamene munthu wina amafotokoza njira, kuti tizungulira katatu, tiziyenda mbali iyi kuti othamanga azidutsa, token osapita nayo kunyumba. Ndinawauza kuti ine sindithamanga. Anandilozera bambo wina wa vesiti ya orenji kumbuyo kwenikweni, anati amene uja ntchito yake ndi kumaliza pomaliza, kaya mutenga ola kaya kupitirira, iye adzakhala kumbuyo kwanu.

Ichi ndi chimene ndikufuna anzanga mumve, chifukwa ndikaitana anthu a kutchalitchi yankho limakhala lomwelomwe, ndiyambe ndachepetsako thupi, ndiyambe ndagula nsapato, ndikachita manyazi kukhala womaliza. Womaliza alipo kale, amamutcha tail walker, ndipo anadzipereka yekha kuti inu musakhale womaliza. Palinso ena a vesiti ya buluu, ma parkwalker, amene anawayambitsa mu 2022 kuti aziyenda limodzi ndi oyenda. Kumbuyoko timakhala ambiri, azimayi okankha ana, agogo a ndodo, bambo wina amene anandiuza kuti anachitidwa opaleshoni ya bondo, ena ndi agalu awo. Othamanga kwambiri amatidutsa kawiri ife tikadali raundi yoyamba ndipo ena podutsa amatilimbikitsa ngakhale mpweya ukuwathera.

Ndinamaliza mu mphindi 58. Pomaliza pali kanjira ka zingwe, wina amadina nthawi pa foni, wina amakupatsa kapulasitiki kakang'ono, ndiyo token ija, kosonyeza kuti wafika nambala chani, ukapita kwa osikana amayamba barcode yako kenako token n'kuitenga. Masana ndili pa mpando miyendo ili mu beseni la madzi ofunda imelo inalowa, dzina langa, nthawi yanga, ndinaitumiza pa gulu la WhatsApp la kwathu nthawi yomweyo. Mayi anga atauzidwa anafunsa kuti makilomita 5 ndi kuchoka pati kufika pati, mlongo wanga anati ngati kuchigayo kupita n'kubwera, iwo anati ndiye kumeneko amakuomberani m'manja popanda thumba la chimanga pamutu? Ananena zoona. Ife tinakula tikuyenda, kusukulu, kumjigo, kumunda, kumaliro mudzi wachitatu, palibe amene ankati ndi masewera olimbitsa thupi. Tafika kuno miyendo yomweyo yangokhala ya pa basi, mu lifiti ndi m'makolido, nsima tikudyabe mitanda yomwe ija. Ndiye ndikamayenda mu paki muja sindiona ngati ndaphunzira zachizungu, ndimaona ngati ndabwezeredwa chinthu changa.

Kuthamanga kunabwera kokha pang'onopang'ono. Ndinkati ndithamange kuchoka pa benchi iyi kufika pa mtengo uwo, kenako kuyenda, kenako benchi ina. Ndinaikanso Couch to 5K mu foni, pulogalamu ya NHS ya masabata 9 imene imakuuza m'makutu kuti apa thamanga apa yenda, ine inanditengera masabata oposa pamenepo chifukwa cha ma night, sabata ina ndinaibwereza katatu. Pano ndimamaliza cha m'ma mphindi 41, ndipo tsiku limene ndatopa ndimayenda basi, palibe amene amafunsa. Nsapato ndinadzagula mwezi wachitatu pa sale. Kwa azimayi anzanga chimene ndinganene kuti gulani msanga ndi bra yolimba ya masewera, nsapato zikhoza kudikira.

BP yatsikako, mapilisi ndikumwabe monga anandiuzira, musasiye mankhwala chifukwa mwayamba kuyenda, ndipo ngati mumamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire yambani mwaonana ndi adokotala. Koma kunena chilungamo chimene chimandidzutsa Loweruka pano si BP. Kuno munthu ukhoza kutha sabata yathunthu amene akukutchula dzina ndi manijala yekha pofuna kuti ukagwire shifiti ya wina. Nthawi yozizira kumada 4 koloko masana, uchoka kuli mdima ubwera kuli mdima, neba sumudziwa. Ku paki kuja agogo aja anandifunsa dzina tsiku loyamba, analephera kulitchula, sabata yotsatira anayesanso, yachitatu analikhoza ndipo anakuwa nalo ndikudutsa pa kona. Ndinalira ndikuyenda, misozi yeniyeni.

Masabata amene ndachokera night ndipo thupi lakana ndimapitabe kukathandiza, chifukwa zonsezi zimayenda ndi anthu ongodzipereka, pakapanda iwo palibe parkrun. Ndaimapo pa kona kulozera njira, ndasikanapo ma barcode zala zitauma ndi chisanu, amakuphunzitsa pompo mphindi 5. Nazonso amaziwerenga ngati mmene amawerengera maulendo othamanga, ukafika 25, 50, 100 pali ma T-shirt ake, ya 50 ndi yofiira ndipo ndikuifuna.

Ndikudziwa kuti ena Loweruka ndi Sabata, ena ndi tsiku la shifiti yolipira bwino, zimenezo sindingatsutse. Ngati muli ndi ana pali junior parkrun Lamlungu m'mawa, makilomita 2, ya ana a zaka 4 mpaka 14, makolo mukhoza kuyenda nawo. Mukabwera nawo Loweruka, mwana wosakwana zaka 11 ayenera kukhala pafupi nanu njira yonse. Kukagwa chisanu choterera nthawi zina amaimitsa, ndiye muziyang'ana pa peji yawo musananyamuke, ine ndinapitapo ulendo wina mu January n'kupeza paki ili zii.

Loweruka likubwerali ndine tail walker koyamba, ndinalembetsa kale. Amayi awiri a kukwaya alonjeza kuti abwera, mmodzi wati abwera ndi chitenje m'chiuno ndipo ndamuuza kuti abwere nacho. Ndidzakhala kumbuyo ndi vesiti ya orenji kuyambira 8:40.