Mmene ndinapezera ophunzira Chichewa pa intaneti ndili ku Area 25

Anzanga atamva kuti ndikufuna kuphunzitsa chilankhulo pa intaneti, onse anati ndiphunzitse Chingerezi poti ndiko kuli ndalama. Ndinatsegula italki ndi Preply, masamba a pa intaneti olumikiza aphunzitsi ndi ophunzira, kuti ndidzionere ndekha. Aphunzitsi a Chingerezi ali mbwee: a ku Britain, a ku America, a ku South Africa, a ku Philippines, ena ali ndi ndemanga mazanamazana. Ine wopanda ndemanga ndi imodzi yomwe akanandiona ndani? Ndinasankha Chichewa. Ochifuna ndi ochepa, inde, koma ochiphunzitsa ndiye ochepetsetsa, ndipo munthu sangodzuka n'kuyamba kusaka mphunzitsi wa Chichewa popanda chomukakamiza.

Ndinayamba n'kufufuza chowakakamizacho. Muno mu Lilongwe mumabwera madokotala ndi ofufuza odzagwira ntchito ku Kamuzu Central kapena ku UNC Project, ogwira ntchito m'mabungwe ndi kwa akazembe ku City Centre, amishonale, komanso achinyamata ongodzipereka. A Peace Corps, ongodzipereka ochokera ku America, anayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, ngakhale iwowo ali ndi aphunzitsi awoawo. Ambiri mwa anthu amenewa amafuna kuyamba kuphunzira asanakwere ndege. Palinso ana a Amalawi obadwira ku London kapena ku Johannesburg, aja amangoti kakasi agogo akaimba foni, ndi ena amene apeza banja kuno ndipo akuopa kukakhala duu pamaso pa apongozi.

Onsewa sindikanawakwanitsa. Ndinatenga a zachipatala, chifukwa mchemwali wanga ndi namwino ndipo ndinali ndi womufunsa. Pa mawu odzifotokozera sindinalembe zija amalemba aliyense zoti ndine Mmalawi weniweni wokonda kuphunzitsa. Ndinalemba, m'Chingerezi chosavuta, kuti ndimathandiza ogwira ntchito zaumoyo kufunsa wodwala pamene pakupweteka, tsiku limene zinayamba, kufotokoza kamwedwe ka mankhwala, ndi kulankhula ndi magadiyani mwaulemu. Ndinaikamonso dzina loti Chinyanja, poti amene akupita ku Chipata kapena ku Tete amasaka ndi dzina limenelo.

Kanema wodzidziwitsa ndinamujambula pa foni, nditaitsamiritsa pa mabuku, nkhope ikuyang'ana kuwindo. Sanapitirire mphindi ziwiri. Chovuta kwathu kuno ndi phokoso: atambala, ana a aneba, chigayo, wailesi ya pa shopu. Ndinadikira ana atapita kusukulu. Chithunzi chikhoza kukhala chosawala kwenikweni, koma mawu akamveka moipa wophunzira chilankhulo amadutsa osacheuka. M'kanemamo sindinachedwe ndi mbiri yanga. Ndinati, tiyeni tilonjere wodwala wachikulire, n'kunena pang'onopang'ono kuti "Mwadzuka bwanji, agogo? Chikukuvutani n'chiyani?" kenako n'kusiya mpata woti woonerayo abwereze. Ambiri amene anandilembera pambuyo pake ankayamba uthenga wawo ndi moni womwewo.

Pa mtengo ndinakana kukhala wotchipitsitsa. Werengerani kaye. Preply imatenga ndalama yonse ya phunziro loyeserera, ndipo pa maphunziro otsatira imadula kuyambira 33 peresenti, n'kumatsika mpaka 18 maola anu akamachuluka. Onjezanipo bandulo ndi nthawi yokonzekera. Mukatsitsa kwambiri mumangogwirira ena ntchito, ndipo dokotala akaona mtengo wonga wa mandasi amakayika ngati mukuidziwadi ntchitoyo. Ubwino wake ndi woti mtengowo umakhala m'madola. Amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tikudziwa tanthauzo lake. Akaunti ya Payoneer, yolandirira ndalama zochokera kunja, ndinatsegula msanga, dzina likufanana ndendende ndi la pa chiphaso ndi la kubanki. Ophunzira amene ndinawapeza ndekha muno m'tauni amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Za nthawi n'zachidule. Ife sitisintha mawotchi, anzathu amasintha. London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, miyezi inayo ndi maola awiri. New York imatsalira ndi maola 6 kapena 7. Choncho a ku Ulaya ndimawapatsa madzulo, pamene a ku America ndimakumana nawo masana akuno, iwo atangodzuka, kapena Loweruka.

Magetsi akathima wophunzira ali ku Berlin safuna kumva nkhani. Laputopu imakhala yotchaja nthawi zonse, pambali pali power bank ndi nyale yotchaja, ndipo m'foni muli malaini awiri, ya Airtel ndi ya TNM, kuti ina ikafooka ndilumphire pa inzake. M'dzinja mvula ikamagunda malata, mahedifoni okhala ndi maiki pafupi ndi pakamwa ndiwo amandipulumutsa.

Koma pamene munthu amasankhira kukhala kapena kuchoka ndi pa phunziro loyamba. Ndimayamba ndi mafunso: mukubwera liti, mukakhala kuti, mukalankhula ndi ndani tsiku ndi tsiku? Kenako ndimaonetsetsa kuti mphindi zoyambirira zisanathe iyeyo walankhula kale Chichewa ndi pakamwa pake. Galamala ndimailowetsa mozemba. Apa ndipo ambiri a ife timagwa, chifukwa kuyamwira chilankhulo kubere si kudziwa kuchifotokoza. Wophunzira adzakufunsani chifukwa chake timati mutu wanga, dzanja langa, chala changa, mimba yanga. Mukayankha kuti "ndi mmene timanenera basi," sabweranso. Ndisanayambe ndinafukula mabuku a Chichewa a kusekondale n'kubwereza magulu a mayina, aja a Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, ndipo ndinapeza kuti ziwalo za thupi zokha zimaphunzitsa magulu anayiwa wophunzira osatopa.

Ndimawauzanso zimene buku silinena. Wodwala akati ali ndi malungo, nthawi zambiri akunena za kutentha ndi kuphwanya kwa m'thupi, osati kuti wayezetsa. Mayi wachikulire sangatchule zinthu zina poyera, amazungulira, ndipo dokotala ayenera kumva kuti "ndili kumwezi" n'chiyani. Ndimawachenjeza kuti "iwe" ndi wa ana ndi anzawo apamtima, wina aliyense ndi "inu". Zoterezi ndi zimene pulogalamu ya pa foni singawapatse, ndipo ndi zimene amakanena kwa anzawo.

Phunziro likatha ndimatumiza mawu ojambula a ziganizo zimene taphunzira, kuti azimvetsera ali m'basi kapena akuphika. Amene ndinawapeza kudzera pa tsamba ndimawasunga pompo. Malamulo ake amaletsa kuwakokera kumbali, ndipo akaunti ikatsekedwa ndemanga zonse zimapita nayo. Uthenga ukabwera ndimayankha tsiku lomwelo. Ndemanga ndimapempha munthu akangondiuza yekha kuti china chake chamuyendera, mwina wodwala wamumva koyamba popanda womasulira. Ndemanga yolembedwa tsiku limenelo imatchula zenizeni, ndipo dokotala wina akaiwerenga amadziona momwemo.

Akafika ku Lilongwe maphunziro amapitirira pa intaneti, koma homuweki imasintha. Ndimawatuma kumsika wa Lizulu kukagula tomato ndi kunenerera mtengo mpaka apatsidwe basera, kapena kukwera kabaza n'kumulondolera njira m'Chichewa. Anthuwa amabwera pa makontirakiti a miyezi ingapo kapena zaka ziwiri, ndipo akamachoka pamakhala wina wodzalowa m'malo mwawo. Ndiye munthu akangonditchulira tsiku lonyamuka, ndimamupempha kuti aike dzina langa pa zimene akusiyira womulowa m'malo, pamodzi ndi nambala ya makaniki ndi ya wokonza mapaipi.