Mowa wa zitsamba wopanda hops: mmene timafululira kuno ku Blantyre

Bizinesi yathu ndi yaing'ono: timafulula malita 20 nthawi imodzi, wa chimera cha mapira, ndipo sitithiramo hops, timaluwa ta chomera china timene amathira mu mowa wa m'mafakitale. Makasitomala ena amadabwa, koma kunena zoona mowa wopanda hops si wachilendo kwa ife Amalawi. Masese amene amayi amafulula ku Ndirande kapena ku Bangwe alibe hops. Ku Ethiopia, mowa wawo wa tella amauwawitsa ndi masamba a gesho. Nawonso a ku Ulaya kalekale ankagwiritsa ntchito gruit, msakanizo wa zitsamba monga yarrow ndi bog myrtle, hops asanafale komanso lamulo la mu 1516 la ku Bavaria, dera la ku Germany, lisananene kuti mu mowa muzikhala madzi, barele ndi hops basi.

Hops amagwira ntchito ziwiri. Amapereka kuwawa, komanso amaletsa tizilombo tosasitsa mowa kuswana. Zitsamba zathu zimatha ntchito yoyambayo, koma yachiwiriyo ayi. N'chifukwa chake ntchito yathu yambiri ili pa ukhondo ndi pa kutentha.

Zonse zimayambira pa chimera. Mapira, omwe ambiri amachokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, timawaviika tsiku lathunthu, kusintha madzi kawiri, kenako kuwayala pa masaka onyowa masiku anayi kapena asanu, tikuwatembenuza m'mawa ndi madzulo. Akaunjikana kwambiri amatentha pakati n'kuchita chuku, ndipo chimera chachuku timataya chonse osanyinyirika. Chikauma padzuwa timachifikisa m'manja ndi kupeta mpaka mizu ndi mphukira zonse zitachoka. Apa sitichita ulesi, poti mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni wamtundu womwe uja wa m'chinangwa chowawa.

Pa malita 20 timagwiritsa ntchito makilogalamu 4 a chimera chosinja mwamisere, ndi theka la kilogalamu ya shuga kapena uchi. Vuto la mapira ndi ili: sitachi yake imapsa pa moto waukulu, moto womwenso umapha mphamvu ya chimera yosandutsa sitachiyo kukhala shuga. Choncho timasakaniza chimera ndi malita 14 a madzi ofunda madigiri 50, n'kusiya theka la ola kuti chidikhe. Madzi oyera a pamwamba aja timawatunga ndi kapu n'kuika padera, chifukwa mphamvu ija ili mmenemo. Phala lotsalalo timaliphika mpaka madigiri 85, tikutakasa kuti lisapserere pansi. Likazizirako timabwezeramo madzi aja, zonse pamodzi zikhale pa madigiri 63 mpaka 65 kwa ola limodzi ndi theka. Mukalawa, muyenera kumva kutsekemera ngati thobwa la tsiku loyamba. Likakhala losatsekemera, ndiye kuti munabwezera madzi aja phala likadali lotentha kwambiri. Posefa timathiramo mankhusu a mpunga otsuka bwino, manja awiri, apo ayi nsalu imatsekeka ndi phala.

Madzi osefedwawo timawawiritsa ola limodzi, ndipo zitsamba sizilowa nthawi imodzi. Makoko a nyumwa limodzi, pamodzi ndi choyera chake cha m'kati, amalowa kutatsala mphindi 20. Ndiwo amabweretsa kuwawa. Jinja wamuwisi wosinja, magalamu 150, kutatsala mphindi 15. Lemongrass, magalamu 60, kutatsala mphindi zisanu zokha, chifukwa fungo lake limathawa ndi nthunzi. Tikafuna wofiira timathira chidede chouma magalamu 80 titaphula kale mphika, ndipo mtundu wake umatuluka pompo, wofiira psuu. Nimu musayese ngakhale pang'ono, kuwawa kwake sikuchoka pakhosi. Chitsamba chilichonse chimene anthu sadya kapena kumwa ngati tiyi sichilowa mu mphika wathu.

Tikaphula, timamiza mphika m'beseni la madzi ozizira kuti utsike msanga pansi pa madigiri 25, kenako timathira yisiti ya mowa. Ya buledi imawiritsa ndithu, koma imasiya fungo la mandasi. Chigubu timachitseka, kusiya kapaipi kamene mbali ina yamira m'botolo la madzi, mpweya uzituluka koma usalowe. Yisiti imafuna madigiri 18 mpaka 22, n'chifukwa chake mowa wathu wabwino kwambiri ndi wa mu June ndi July, nthawi ya chiperoni. Mu October timakuta chigubu ndi thaulo lonyowa, kapena kungopuma kaye.

Patatha masiku 7 mpaka 10, kuwira kukasiyiratu, timasungunula magalamu 120 a shuga m'madzi owira, kusakaniza ndi mowawo, n'kuthira m'mabotolo olimba. Kuthira msanga, kapena kupyoza muyezo wa shuga, kumaphulitsa mabotolo. Masabata awiri akapita ndiye wakhwima.

Polawa, mowawo usazizire kwambiri, chifukwa kuzizira kumabisa fungo la zitsamba. Yambani mwanunkhiza. Fungo la viniga likutanthauza kuti munalowa mpweya kapena tintchentche. Kukoma kwa mankhwala a kuchipatala kumachokera ku klorini wa m'madzi a pampopi, choncho madzi timawatunga dzulo lake n'kugoneka osavindikira. Kusasa pang'ono ngati chambiko ife timakukonda, kumagwirizana bwino ndi jinja, koma kukamakula sabata ndi sabata ndiye kuti zipangizo sizinatsukidwe bwino.

Kugulitsa mowa kumafuna laisensi ya kukhonsolo ya mzinda, ndipo wa m'mabotolo uyenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ana osakwana zaka 18 sitiwagulitsa. Pa botolo lililonse timalembapo tsiku lomwe tathira, ndipo wogula timamuuza kuti asunge mufiriji, amwe mwezi usanathe.